Ku Gulf: Mafuta ndi a Eni Dziko, Nanga Thukuta ndi la Yani?

Munthu wotsika ndege ku Dubai kapena ku Doha akhoza kuswera mumzinda tsiku lonse osalankhulana ndi mbadwa ya dzikolo, kupatula amene wamudindira pasipoti pabwalo la ndege. Woyendetsa takisi ndi wa ku Pakistan, mlonda wa pachipata cha hotela ndi wa ku Uganda, namwino wa kuchipatala ndi wa ku Philippines, ndipo amuna ovala maovolosi amene akuthira konkire pamwamba pa nyumba zosanja ndi a ku Nepal ndi Bangladesh. Masiku ano pagululi pali Amalawi, ena akupeza bwino, ena akulira. Mayina a mayiko a ku Gulf amamveka kawirikawiri m'mauthenga otsatsa ntchito a pa Facebook ndi pa WhatsApp, koma mauthengawo sanena mmene mayikowa analemerera, kapena malo amene mlendo amapatsidwa akafika.

Kodi mayiko a ku Gulf ndi ati?

Alipo 6: Saudi Arabia, Kuwait, Bahrain, Qatar, United Arab Emirates ndi Oman. Mu 1981 anapanga bungwe la Gulf Cooperation Council, lomwe likulu lake lili ku Riyadh. Onse amalamulidwa ndi mabanja achifumu, monga banja la Al Saud ku Saudi Arabia, la Al Sabah ku Kuwait ndi la Al Thani ku Qatar. Kukula kwawo n'kosiyana kwambiri. Saudi Arabia angameze Malawi maulendo 18, pamene Bahrain ndi kachilumba kakang'ono zedi.

Ambiri amaganiza kuti Dubai ndi dziko. Ayi, ndi limodzi mwa madera 7 a United Arab Emirates, ndipo likulu la dzikolo ndi Abu Dhabi. Oman ndi dziko lina, lokhala ndi mfumu yake, ndalama yake ndi malamulo ake. Kusadziwa zimenezi kwapweteketsa anthu, chifukwa alipo amene ananyamuka atauzidwa kuti akupita ku Dubai n'kukatsikira ku Muscat.

Nyanja imene inapatsa derali dzina ili ndi potulukira pamodzi pokha, pa mpata wa Hormuz, pakati pa Oman ndi Iran. Pa nthawi ya mtendere, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mafuta onse amene dziko lapansi limagwiritsa ntchito limadutsa pamenepa. N'chifukwa chake kukachita chipwirikiti kumeneko, mtengo wa petulo, dizilo ndi feteleza wa Urea, amene amapangidwa kuchokera ku gasi, umakwera mpaka kwa mlimi amene sanaonepo sitima ya pamadzi.

M'chipululu chotero, anthu mamiliyoni amamwa chiyani?

Amamwa nyanja. Ku Saudi Arabia kulibe mtsinje ndi umodzi womwe woyenda chaka chonse, ndipo kum'mwera kwake kuli chipululu cha mchenga cha Rub' al Khali, chachikulu kuposa Malawi kasanu. Madzi a m'mipopi ya ku Doha, Kuwait City ndi Dubai amachokera m'mafakitale ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja, monga a ku Jubail ndi Jebel Ali. Mafakitalewa amadya magetsi ochuluka, ndipo magetsiwo amachokera ku gasi ndi mafuta. Chakudya chambiri chimabwera pa sitima ndi pa ndege.

Kutentha kwake si kwa masewera. Mu July 2016, ku Mitribah m'dziko la Kuwait kunatentha madigiri 53.9. M'mphepete mwa nyanja kutenthako kumabwera ndi chinyontho, moti thukuta siliuma ndipo thupi limalephera kudziziziritsa. Kuli malo ochepa osiyana ndi ena, monga Salalah kum'mwera kwa Oman, kumene nkhungu ndi mvula yowaza zimabiriwiritsa mapiri kuyambira June mpaka September.

Mafuta asanapezeke ankadalira chiyani?

Ankaweta ngamila, kulima zipatso za kanjedza pamene pali akasupe, kuchita malonda a pa zombo, ndipo koposa zonse ankavuula ngale. Miyezi inayi ya chilimwe, amuna a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ankathera pa zombo. Wovuula ankatseka mphuno ndi kopanira kopangidwa ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja, n'kuponda chingwe chomangirira mwala kuti amire msanga. Pansi ankatola nkhono mofulumira n'kuika m'kadengu ka m'khosi, mpweya ukamatha n'kugwedeza chingwe kuti mnzake wa pachombo amukoke. Ankatero maulendo ambirimbiri pa tsiku, m'mimba muli zipatso zochepa za kanjedza ndi khofi basi.

Ntchitoyi inkayenda pa ngongole. Mwini chombo ankakongoza wovuula ndalama yosiyira banja, ndipo chaka chikavuta ngongoleyo inkapitirira chaka china, mwina mpaka kugwera ana. Ambiri mwa ovuulawo anali akapolo ochokera kum'mawa kwa Africa. Apa mbiri ya derali imakumana ndi ya Malawi. M'zaka za m'ma 1800 mfumu ya Oman, Seyyid Said, inasamutsira likulu lake ku Zanzibar, ndipo anthu ogwidwa m'madera ozungulira nyanja ya Malawi ankaolotsedwa pa Nkhotakota, kwa Jumbe, n'kuyendetsedwa mpaka ku Kilwa. Ena a iwo anakathera ku Arabia. Ukapolo unathetsedwa mwalamulo mochedwa kwambiri: ku Qatar mu 1952, ku Saudi Arabia mu 1962, ku Oman mu 1970.

Malonda a ngale anagwa m'zaka za m'ma 1930, anthu a ku Japan atadziwa kuweta nkhono zobala ngale, pa nthawi imene chuma cha dziko lonse lapansi chinali chitalowa pansi. Kunagwa njala, ndipo mabanja ambiri anasamuka.

Nanga mafuta anabwera liti?

Anabwera pa nthawi ya umphawi womwewo. Bahrain inayamba mu 1932. Mu March 1938, kampani ya ku America imene inali itatsala pang'ono kutaya mtima inapeza mafuta pachitsime chachisanu ndi chiwiri ku Dammam, ndipo chaka chomwecho anapezekanso ku Burgan m'dziko la Kuwait. Mu 1948 kunapezeka mgodi wa Ghawar ku Saudi Arabia, umene mpaka lero ndi waukulu kuposa ina yonse ya mtundu wake. Abu Dhabi inayamba kugulitsa mafuta kunja mu 1962, Oman mu 1967.

Ndalama zenizeni zinasefukira kuyambira mu 1973. Pa nthawi ya nkhondo ya Aluya ndi Israel, mayiko a Aluya anachepetsa mafuta ogulitsa, ndipo mtengo wa mgolo umodzi, womwe ndi malita 159, unachoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupifupi 12 m'miyezi yochepa. Pofika 1980 kampani ya mafuta ya Aramco inali yonse m'manja mwa boma la Saudi Arabia. Mafumuwo anayamba kumanga misewu, madoko, zipatala, masukulu ndi mizinda yathunthu nthawi imodzi.

Kodi onse amadalira mafuta mofanana?

Ayi. Kuwait imadalirabe mafuta pafupifupi pa chilichonse. Chuma cha Qatar chili pa gasi wa pansi pa nyanja amene anapezeka mu 1971, ndipo mgodiwo amagawana ndi Iran. Gasiyo amamuziziritsa ku Ras Laffan mpaka kusanduka wamadzimadzi, n'kumutumiza pa sitima ku Asia ndi ku Ulaya. Bahrain ndi Oman mafuta awo ndi ochepa.

Dubai nayo inali ndi mafuta ochepa, ndipo wolamulira wake, Sheikh Rashid bin Saeed Al Maktoum, anadziwa zimenezi msanga. Anamanga doko la Jebel Ali, lomwe linatsegulidwa mu 1979. Mu 1985 kampani ya ndege ya Emirates inayamba ndi ndege ziwiri zobwereka ku Pakistan. Lero mafuta ndi kagawo kakang'ono ka chuma cha Dubai, chomwe chimayenda ndi doko, ndege, golide, nyumba, alendo okaona malo ndi amalonda okaoda katundu, kuphatikizapo a ku Lilongwe ndi Lusaka.

Ndalama zotsala mayikowa amaziika m'mathumba a boma ogulira makampani kunja. Okonda mpira amazidziwa bwino: a ku Abu Dhabi anagula Manchester City mu 2008, a ku Qatar anagula Paris Saint-Germain mu 2011, ndipo thumba la boma la Saudi Arabia linatsogolera kugula Newcastle United mu 2021. Mu 2016 Saudi Arabia inakhazikitsa ndondomeko ya Vision 2030 yofuna kuchepetsa kudalira mafuta, ndipo mu 2018 inayamba kudula msonkho wa pa zogula, umene unakwera kuchoka pa 5 kufika pa 15 peresenti mu 2020.

N'chifukwa chiyani alendo achuluka kuposa eni dziko?

Ndalama zinabwera anthu kulibe. M'zaka za m'ma 1950, Qatar yonse inali ndi anthu osafika 50,000. Lero muli anthu pafupifupi 3 miliyoni, ndipo pa anthu 10 alionse, pafupifupi 9 ndi obwera. Ku United Arab Emirates zili chimodzimodzi. Ku Kuwait obwera ndi pafupifupi 7 pa anthu 10. Ngakhale ku Saudi Arabia, kalembera wa 2022 anapeza anthu 32.2 miliyoni, ndipo 13.4 miliyoni mwa iwo anali alendo.

Oyamba kubwera anali Aluya anzawo: aphunzitsi a ku Egypt, akalaliki ndi mainjiniya a ku Palestine, antchito a ku Yemen. Koma awa ankalankhula chinenero chimodzi ndi eni dziko ndipo ankabwera ndi maganizo a ndale, makamaka pa nthawi ya mtsogoleri wa Egypt, Gamal Abdel Nasser. Antchito a Aramco ananyanyalapo ntchito mu 1953 ndi mu 1956. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mabwana anatembenukira ku India, Pakistan, Bangladesh, Sri Lanka ndi Philippines, kenako Nepal, ndipo posachedwapa Ethiopia, Kenya, Uganda ndi mayiko ena a mu Africa. Anthu ochokera kutali amalandira zochepa, sadziwana zinenero, ndipo n'zosavuta kuwabweza kwawo.

Mbadwa zambiri zimagwira ntchito m'boma, kumene malipiro ndi abwino ndipo maola ndi ochepa. Sukulu ndi chipatala n'zaulere kapena zotsika mtengo kwambiri kwa iwo. Mafumu amagawira nzika chuma cha mafuta, nzika n'kusiyira mafumu ulamuliro. Kuti mgwirizanowu usasokonekere, ogawana chumawo ayenera kukhala ochepa, ndipo mlendo aliyense ayenera kukhala wa kanthawi.

Kodi kafala ndi chiyani?

Ndi dongosolo lomangirira chilolezo cha mlendo chokhalira m'dziko kwa bwana amene wamulemba ntchito. Bwanayo ndiye amapempha viza, ndiye amaikonzanso ikatha, ndipo akaifafaniza wantchito amasanduka wokhala m'dziko mosaloledwa. Mmene dongosololi linkayendera kwa zaka zambiri, wantchito sankatha kusintha ntchito popanda kalata ya bwana, ndipo ku Qatar ndi Saudi Arabia sankathanso kutuluka m'dziko bwana asanavomere. Wantchito akachoka chifukwa chosalipidwa kapena kumenyedwa, bwana amangokanena kuti wathawa, ndipo amene apolisi amamufunafuna ndi wodandaulayo.

Apa ndiye pali bala lenileni. Mabwana abwino alipo ambiri, koma lamulo loika mphamvu zonse m'manja mwa munthu mmodzi limasiya wantchito akudalira mtima wa bwana basi. Kulanda pasipoti ya wantchito n'koletsedwa m'mayikowa, koma kumachitika tsiku ndi tsiku. Ku Saudi Arabia, United Arab Emirates ndi Qatar mlendo saloledwa kulowa bungwe loimira antchito kapena kunyanyala ntchito.

Chingwe china ndi ngongole. Malamulo amati wolemba ntchito ndiye alipire zonse zobweretsera wantchito, koma amuna ambiri a ku Bangladesh ndi Nepal amalipira okha maejenti, atagulitsa munda kapena kutenga katapila. Munthu wotere akafika n'kupeza kuti malipiro ndi ochepera pa amene analonjezedwa, sangabwerere, chifukwa chaka choyamba chonse akugwirira wokongoza.

Agogo amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela angalizindikire msanga dongosololi: kontirakiti ya nthawi yoikika, kugona m'komboni ya amuna okhaokha, banja kutsala kumudzi, mphamvu zikatha n'kubwerera.

Ndiye kuti aliyense wopita kumeneko amavutika?

Iyayi, ndipo kunena choncho kungakhale kunama. Madokotala, oyendetsa ndege, mainjiniya, aphunzitsi ndi akatswiri a zachuma amalandira bwino, malipiro awo sadulidwa msonkho, ndipo ambiri amapatsidwa nyumba ndi fizi ya ana. Chokhumudwitsa n'chakuti nthawi zambiri mtengo wa munthu umayendera mtundu wa pasipoti yake. Wa ku Britain ndi wa ku India akhoza kukhala mu ofesi imodzi, ntchito yofanana, malipiro osiyana.

Ngakhale kwa apansi ndalamayo ndi yeniyeni. Ku Qatar malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi mariyali 1,000 pa mwezi, pafupifupi madola 275, kuphatikiza 500 ya malo ogona ndi 300 ya chakudya ngati bwana sapereka zimenezi. Ndalama za ku Gulf sizigwa mtengo chisawawa chifukwa zambiri zinamangiriridwa ku dola. Dera la Kerala ku India ladzaza nyumba zabwino zomangidwa ndi ndalama zochokera kumeneku, ndipo ku Nepal ndalama zotumizidwa ndi a kunja zimakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a chuma chonse cha dzikolo. Anthu sapita chifukwa cha uchitsiru. Amapita chifukwa kwawo kulibe ntchito.

Tsiku la womanga nyumba limayenda bwanji?

Limayamba kusanache, m'makomboni a kunja kwa mzinda monga Sonapur ku Dubai kapena Industrial Area ku Doha. M'chipinda muli mabedi achitsulo osanjikiza, zovala zili lendelende pa zingwe, nsapato zaunjikana pakhomo. Mabasi oyera amanyamula omangawo kupita kuntchito, aliyense atanyamula mpunga ndi mphodza m'kabakuli, nkhope atakulunga nsalu yotchinga fumbi. M'miyezi yotentha lamulo limaletsa ntchito ya panja masana: ku United Arab Emirates kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko, ku Qatar kuyambira 10 koloko mpaka 3:30. Malipiro akatuluka, pa malo otumizira ndalama pamakhala mzere wautali, ndipo munthu amatsala ndi yogulira mayunitsi ndi sopo.

Qatar itapatsidwa mwayi wochititsa World Cup ya 2022, dziko lonse linayamba kufunsa za imfa za antchitowa. Mu 2021 nyuzipepala ya The Guardian inalemba kuti anthu oposa 6,500 ochokera ku India, Pakistan, Nepal, Bangladesh ndi Sri Lanka anamwalira ku Qatar m'zaka 10, ndipo nambalayi inaphatikiza imfa za mtundu uliwonse. Okonza mpikisanowo ankati amene anafa chifukwa cha ntchito pa mabwalo a mpira ndi anthu atatu okha, koma mkulu wawo, Hassan al-Thawadi, pambuyo pake ananena kuti omwalira pa ntchito zokonzekera mpikisanowo anali pakati pa 400 ndi 500. Manambalawa amatalikirana chonchi chifukwa mitembo yambiri sinkapimidwa. Mnyamata wamphamvu akafa ali m'tulo atakhala pa dzuwa tsiku lonse, pa chikalata ankangolemba kuti mtima unaima, ndipo banja lake silinkalandira chipukuta misozi.

Malo ogona nawonso amapha. Mu June 2024 moto unabuka m'nyumba yogona antchito ku Mangaf m'dziko la Kuwait n'kupha anthu pafupifupi 50, ambiri a ku India.

Nanga amayi a ku Malawi amene anavutika ku Oman, zinayenda bwanji?

Wantchito wa pakhomo ndiye ali pangozi kuposa onse, chifukwa amagwira ntchito kuseri kwa mpanda kumene woyendera antchito salowa, ndipo kwa zaka zambiri malamulo akuluakulu a ntchito m'mayikowa sankamukhudza. Palibe dziko la ku Gulf limene linavomereza pangano la mu 2011 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO loteteza antchito a pakhomo.

Mu 2024 pulogalamu ya BBC Africa Eye inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakodwa ku Oman. Ambiri anakopedwa ndi maejenti olonjeza ntchito zabwino, ena n'kuuzidwa kuti akupita ku Dubai. Atafika analandidwa mapasipoti n'kuperekedwa m'makomo, kumene ena ankagona maola ochepa, kumenyedwa, ngakhale kugwiriridwa. Mayi wina wa ku Malawi wokhala ku America, Pililani Mombe Nyoni, ataona pempho la mmodzi wa iwo pa Facebook anatsegula gulu la pa WhatsApp, ndipo amayi oposa 50 analowamo, ena akulemba mobisala usiku. Bungwe la Do Bold linathandiza kukambirana ndi mabwana awo. Boma la Malawi linati linawononga madola oposa 160,000 pobweza amayi 54.

Kubwerako kunafuna ndalama chifukwa bwana amakhala atalipira ejenti kuti apeze wantchito, ndipo wantchitoyo akafuna kuchoka kontirakiti isanathe, bwana amati abwezeredwe kaye ndalama yake. Kwa mayi amene ali yekha m'nyumba ya eni, wopanda pasipoti, wosadziwa Chiluya, m'dziko limene mulibe ofesi ya kazembe wa kwawo, ndalama imeneyo imasanduka dipo la mutu wake. Zizindikiro za msampha zimafanana m'nkhani zambiri zotere: ejenti wopanda ofesi, kontirakiti yosaonetsedwa munthu asananyamuke kapena yolembedwa m'Chiluya chokha, viza ya mlendo wokacheza m'malo mwa ya ntchito, ndi tikiti yonena mzinda wina wosiyana ndi umene unalonjezedwa.

Kodi malamulo sakusintha?

Akusintha, ndipo mbali ina n'chifukwa cha manyazi pamaso pa dziko. United Arab Emirates inayambitsa mu 2009 dongosolo loti malipiro azidutsa ku banki kuti boma lizitha kuona bwana wosalipira. Qatar inathetsa chilolezo chotulukira m'dziko kwa antchito ambiri mu 2018, ndipo mu 2020 inalola antchito kusintha ntchito popanda kalata ya bwana. Saudi Arabia inafewetsa malamulo ake mu March 2021, koma kusinthako kunasiya kunja antchito a pakhomo, omwe ndi amene ankafunika chitetezo koposa. Mayiko otumiza anthu nawo ayesapo kuletsa maulendo, monga Indonesia mu 2015, koma chiletso chimangokankhira anthu kwa adobadoba odutsa njira zozemba. Philippines inasankha njira ina yoonjezera: ili ndi maofesi oona za antchito ake m'mizinda ya ku Gulf, amene amayamba aona kontirakiti munthu asanakwere ndege.

Zolembedwa pa pepala zapita patsogolo kuposa zochitika pansi. Mphamvu yokanena kuti wantchito wathawa ikadali m'manja mwa mabwana m'madera ambiri, ndipo mlandu wa malipiro umatha miyezi pamene wodandaulayo alibe chakudya kapena pogona.

Munthu atagwira ntchito zaka 30, angakhale nzika?

Mwa apo ndi apo, kwa anthu ochepa kwambiri osankhidwa ndi olamulira. Kubadwira m'dzikomo sikupatsa unzika, chifukwa unzika umadutsira kwa bambo. Ku Dubai ndi ku Kuwait kuli anthu a makolo a ku India kapena Pakistan amene anabadwira komweko, kuphunzira komweko, mwina ana awonso n'kubadwira komweko, koma amakhalabe pa viza yokonzedwanso zaka zingapo zilizonse. Kuyambira 2019 United Arab Emirates ikupereka viza ya zaka 10 kwa amalonda akuluakulu ndi akatswiri, koma womanga ndi wantchito wa pakhomo sali m'gululo, ndipo vizayo si unzika.

Ndale zikatembenuka, alendo ndiwo amayamba kulongedza. Iraq italanda Kuwait mu 1990, boma la Yemen linakana kugwirizana ndi mayiko olimbana ndi mtsogoleri wa Iraq, Saddam Hussein, ndipo Saudi Arabia inathamangitsa anthu a ku Yemen pafupifupi 800,000 m'miyezi yochepa. Ku Kuwait kunali anthu a ku Palestine pafupifupi 400,000, ambiri atakhalako zaka makumi, ndipo nkhondoyo itatha anatsala ochepa chabe. Mu 2020, matenda a Covid-19 atatseka ntchito ndi kugwetsa mtengo wa mafuta, antchito zikwi mazanamazana anabwezedwa ku India, Nepal ndi Bangladesh, ambiri asanalandire malipiro a miyezi yomaliza ndi ndalama yotsanzikira imene lamulo limalonjeza pakutha pa kontirakiti.